Damu lathu la ku Lunzu: zolemba za ntchito yokonzekera dzinja

Ogasiti, sabata yoyamba

Komiti yandipatsa udindo wolemba zonse zomwe tikuchita pa damu kuyambira lero mpaka mvula idzalekeze. Akuti popeza ndinagwira choko zaka zambiri, cholembera sichingandilemere. Ndavomera, koma ndawachenjezeratu kuti ndizilemba ndi zotichititsa manyazi zomwe.

Kwa inu amene simunafikeko: damu lathu ndi la dothi lokhalokha, lili pa kamtsinje kena chakumtunda kwa Lunzu, m'boma la Blantyre. Khoma lake m'litali ndi mamita pafupifupi 140, ndipo pakati, pomwe kale panali khwawa, msinkhu wake ndi mamita 7. Madzi ake ndiwo amathirira tomato, anyezi, mpiru ndi chimanga chachiwisi chomwe amayi amakagulitsa pamsika wa Lunzu. Kumunsi kwa khoma kuli nyumba 23, chigayo, ndi kamlatho ka mitengo komwe ana amawolokera popita kusukulu.

Chotiyambitsa ntchitoyi ndi usiku umodzi wa mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Pomwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zimakwirira anthu ku Chilobwe, ife kuno tinali chiimire pakhoma ndi matochi a pafoni, kuyang'ana madzi atatsala chikhatho chimodzi kuti adutse pamwamba. Sanadutse. M'mawa mwake tinathokoza Mulungu, kenako tinaiwala, ngati momwe munthu amaiwalira dzino likasiya kuwawa. Chaka chino tagwirizana kuti tisadikire namondwe wina kuti adzatikumbutse.

Ogasiti, sabata yachitatu

Kwabwera injiniya wa zamthirira kuchokera ku boma. Ndimayembekeza kuti ayamba ndi kuyang'ana madzi, koma iye anatembenuzira madziwo nkhongo n'kutsikira kuseri kwa khoma, kumene ife sitipitako chifukwa cha thengo ndi njoka. Anayenda pang'onopang'ono, ndodo m'manja, akubaya pansi. Zomwe wapeza ndi izi, monga ndinazilembera ali pomwepo.

Zulu ziwiri zamoyo pakhoma penipeni. Mitengo ya bulugamu isanu ndi mthethe umodzi waukulu womwe tonse timaukonda chifukwa cha mthunzi. Mng'alu wa mamita 9 wotsata utali wa khoma pamwamba. Pakati pa khoma padikha pomwe pamadutsa ng'ombe ndi ngolo. Ndiponso kumunsi, pafupi ndi payipi yotulutsira madzi, malo onyowa pomwe pamera udzu wobiriwira bii pakati pa chilimwe.

Zonsezi anazitchula modekha. Mawu anasintha titafika kumapeto a khoma, pa ngalande yotayira madzi damu likadzaza. Pakamwa pa ngalandeyo pali matumba a mchenga mizere itatu, osanjikizana, ena atamera kale udzu. Anafunsa kuti anaika ndani. Tonse tinayang'ana pansi. Anaika ndife, zaka zingapo zapitazo, madzi atatithera mu Okutobala tomato ali ndi maluwa. Ine ndemwe ndinanyamulako matumba anayi, ndipo tsiku limenelo ndinkadziona ngati munthu wanzeru.

Anatulutsa tepi n'kutiyezetsa tokha. Kuchokera pansi pa ngalande kufika pamwamba pa khoma payenera kukhala mita 1.5, malinga ndi momwe damuli analimangira. Mpata umenewo ndi woti madzi a chigumula akwere, atuluke m'ngalande, koma osakhudza pamwamba pa khoma. Matumba athu adya masentimita 60. Kudikha kwa panjira ya ng'ombe kwadya ena 30. Chatsala ndi masentimita 60 basi.

"Aphunzitsi," anatero kwa ine, "khoma la dothi limapirira madzi oima kumbuyo kwake zaka ndi zaka, koma silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Akangodutsa, amayamba kudya kuseri, kadzenje kasanduka khwawa, ndipo zimatha dzuwa lisanasunthe."

Ogasiti, sabata yachinayi

Msonkhano pabwalo la amfumu. Nkhani ya mitengo ndi chiswe inadutsa popanda wotsutsa. Ya matumba ndiyo inatenga maola atatu.

Otsutsa sali opanda mfundo, ndipo ndikufuna ndilembe zimenezo momveka. Masentimita 60 apamwamba pa damu si madzi ochepa, chifukwa kumwamba n'kumene damu latambasuka. Ndi madzi a milungu itatu kapena inayi yothirira, ndipo ndi milungu yomweyo ya Okutobala ndi Novembala pomwe tomato amakwera mtengo. Bambo wina anaimirira nati: "A tcheya, chigumula chimabwera kamodzi pa zaka khumi, koma fizi ya mwana imabwera katatu pachaka." Anthu anaomba m'manja. Sindinamunyoze, popeza nanenso dimba langa ndi lomwe limandigulira feteleza.

Ndinapempha bolodi ya sukulu ya mkaka n'kuwerengera pamaso pa onse. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa hekitala imodzi, ndi malita 10,000. Malo omwe madzi ake amatsikira m'damu lathu, injiniya anawayerekeza pa mapu kuti ndi mahekitala 200. Ndiye mvula ya mamilimita 100, yomwe kuno imatha kugwa usiku umodzi, ndi malita 200 miliyoni. Tinene kuti theka lalowa pansi, ngakhale kuti m'mapiri mwathu mopanda mitengomu silowa ndi theka lomwe. Otsalawo, malita 100 miliyoni, akuposa damu lathu lonse, lomwe likadzaza limasunga pafupifupi 60 miliyoni. Ndipo mu Febuluwale kapena Malichi mvula yotere imapeza damu lili lodzaza kale. Madzi onsewo alibe kolowera kwina koma ngalande yomwe tinaitseka pakamwa.

Masamuwo anathandiza pang'ono. Amene anamaliza nkhani ndi gogo wina wa kumunsi, yemwe nyumba yake ndi yoyamba kuchokera pakhoma. Sanaimirire n'komwe. Anangoti: "Ana anga, inu mukukangana za tomato muli kumtunda. Ine ndimagona pansi pa madzi anuwo. Mukamaliza mundiuze ngati ndisamuke." Panakhala zii. Amfumu anagamula kuti matumba achoke mwezi wa Okutobala usanathe, madzi akatsika okha pansi pa mulingo wa ngalande, kuti pasatayike ngakhale dontho la chaka chino.

Seputembala, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Kulambula thengo kuseri kwa khoma. Anthu 30 mpaka 40 Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Taphako mphiri imodzi. Mitengo ing'onoing'ono tazula ndi mizu yomwe.

Wa mthethe watipatsa phunziro. Anyamata anafuna kungoudula n'kusiya chitsa. Injiniya pafoni anakana: chitsa chikafa mizu imawola mkati mwa khoma, ndipo pomwe panali muzu pamatsala mphako, njira yokonzeka kale ya madzi. Mtengo waukulu ukafuna kuchoka pakhoma, uchoke ndi chitsa ndi mizu yake ikuluikulu, madzi ali otsika, dzenje libwezeredwe dothi lotsendera bwino. Tausiya kaye mpaka Okutobala.

Seputembala, sabata yachitatu

Lero ndalemba zambiri, chifukwa ndi pano pomwe mtima wanga uli.

Malo onyowa aja titawalambula tapeza kuti si chinyezi chabe. Pali kamadzi kotuluka pansi pa khoma, mamita awiri kuchokera pa payipi. Nkhope za anthu zinagwa. Ena nthawi yomweyo anathamangira makande oti amate. Mwamwayi injiniya anali atatiletseratu. Akuti damu lililonse la dothi limatuluka thukuta, ndipo kumata potulukira n'kungowauza madzi kuti akafune khomo lina, mwina loipa kuposa loyambalo. Chofunika kudziwa ndi ziwiri: kodi madziwo ndi oyera kapena amatope, ndipo kodi akuchuluka kapena ali chimodzimodzi? Oyera ndiye kuti akungodutsa. Amatope ndiye kuti akunyamula khoma lenilenilo, pang'onopang'ono, kuchokera mkati, ndipo kanjira kawo kakukula chobwerera kulowera kudamu.

Anatisimbira za damu la Teton ku Idaho, m'dziko la America, lomwe linagumuka pa 5 Juni 1976 likudzazidwa koyamba. Linali la dothi ngati lathuli, koma msinkhu wake mamita oposa 90, lomangidwa ndi akatswiri a boma ndi makina onse. M'mawa anthu anaona madzi amatope akutuluka kuseri kwa khoma, pofika masana damu linali litapita, ndipo anthu 11 anafa. Kunalibe chigumula tsiku limenelo. Ine nkhaniyi inandizizira m'mawondo kuposa ya matumba, chifukwa mvula umaiona ikubwera, koma zamkati mwa khoma suziona.

Tachita motere. Takumba kangalande kosaya kosonkhanitsa madziwo, n'kuika kapayipi kakafupi kuti azigwera pamalo amodzi. Tsiku lililonse 6 koloko m'mawa wina amatchera ndowa ya malita 20 n'kuwerenga nthawi pafoni. Amatunganso m'botolo loonekera mkati, kuliimika pamwala mpaka madzulo, n'kuona ngati pansi padikha dothi. Sabata ino ndowa ikudzaza pa mphindi 4 ndi masekondi ochepa, ndipo botolo lili mbee. Pamalo potulukira madzipo tayala mchenga wa kumtsinje wosefa, pamwamba pake timiyala, pamwamba penipeni miyala ikuluikulu, kuti madzi azidutsa koma dothi lizitsala.

Ntchito ya ndowayi tapatsa mayi wina yemwe dimba lake lili pomwepo, pamodzi ndi mwana wake wa Fomu 2. Kope lawo ndi laukhondo kuposa langa.

Okutobala, sabata yoyamba

Zulu zonse ziwiri zakumbidwa mpaka tapeza make chiswe. China chinalowa mkati mita yathunthu ndi theka, ndipo mphako zake munthu umalowetsa mkono mpaka paphewa. Pobwezera dothi sitinangokhuthula. Tatenga katondo wa kuseri kwa sukulu, womwe ukaunyowetsa n'kuupota m'manja umatuluka ngati chingwe osaduka, tikuthira masentimita 15, kuwaza madzi, kusinja ndi minsi, kenako 15 ena. Amayi akuti ntchitoyi ndi yawo kuyambira kale, abambo tingonyamula mawilibala. Dothi louma silitsenderezeka, lonyowa kwambiri limangoterera. Amayi amadziwa pakati pake ndi dzanja.

Mng'alu wa pamwamba tinaukumba kuti tione polekezera. Walekeza pa masentimita 40, ndipo ukutsata utali wa khoma, sukudula mopingasa. Wopingasa ndiwo woopsa kwambiri chifukwa umalumikiza madzi ndi kuseri. Taukwirira mwa njira yomweyo ya minsi.

Okutobala, sabata yachitatu

Mthethe wagwa. Tatha masiku anayi. Nkhuni zake zapita kwa gogo wa kumunsi uja, mogwirizana tonse.

Matumba achoka Loweruka. Bambo wa nkhani ya fizi uja anabwera ndi fosholo yake, anagwira ntchito osayankhula ndi munthu, n'kumapita. Pansi pa matumba tapeza kuti ngalande yadzaza mchenga ndi bango mpaka yatsala theka la m'lifupi mwake, ndipo wina anabzalamo nzimbe ndi nthochi. Mwini nzimbe sanaoneke, choncho ana adya.

Pano pali cholakwa changa. Pogawa ntchito ndinauza anyamata kuti dothi lochotsa m'ngalande aliunjike pambali, osanena mbali iti. Analiunjika mbali ya kukhoma, pamalo poti mvula yoyamba ikanalibwezera momwemo. Tsiku lathunthu lapita polisamutsanso.

Okutobala, sabata yachinayi

Chizimalupsa chagwa Lachitatu, chongonunkhiritsa fumbi. Chatikumbutsa kuti nthawi yatha.

Kumapeto kwa ngalande, komwe madzi amagwera kubwerera mumtsinje, kuli chigwembe chomwe Freddy anakumba, ndipo chaka chilichonse chimadya chobwerera kumtunda. Chikafika pakamwa pa ngalande, damu lidzatsanuka lokha popanda khoma kugumuka. Pakufunika mabasiketi a waya odzaza miyala, aja timawaona m'mbali mwa milatho. Injiniya anawerengera 18. Ndalama za m'thumba la komiti, kuphatikiza zopereka za mwezi uno, zakwana 7. Taika 7 amenewo pamutu pa chigwembe, kwinako tayala miyala wamba yomwe tatuta ndi ngolo. Ndikudziwa kuti miyala yosamanga madzi amphamvu amaitola ngati mtedza, koma ndi zomwe tili nazo.

Wogulitsa waya wina mu Limbe anatipatsa wosapaka mankhwala oletsa dzimbiri pa mtengo wa wopaka. Tinazindikira titafika kale kuno. A tcheya anabwerera nawo pa minibasi, ndipo atakangana naye theka la tsiku anawasinthira.

Novembala, sabata yoyamba

Pakati pa khoma pakwezedwa kufika mulingo wa m'mbali. Tinayeza ndi payipi yoonekera mkati yodzaza madzi, ija amagwiritsa ntchito amisiri omanga nyumba. Ng'ombe ndi ngolo zaletsedwa kudutsa pakhoma. Amfumu aika chindapusa cha nkhuku. Pomwera ng'ombe tapatula kumtunda.

Kuseri kwa khoma tabzala kapinga, ndipo vetiva tamuika m'mizere m'mbali mwa ngalande ndi m'minda ya kumtunda kwa damu. Za kumtundazi ndi nkhani yaitali. Aliyense wa mu Blantyre amadziwa momwe damu la Mudi linadzalira matope mitengo itatha m'phiri la Ndirande anthu n'kuyamba kulima m'mphepete. Lathuli likutsata njira yomweyo: nsungwi yomwe kale inkamira yonse pakati pa damu, lero imagunda matope isanathe. Koma minda ya kumtundayo ndi ya mudzi wina, womwe sumwa nawo phindu la damuli. Kuwauza kuti asiye kulima m'mbali mwa mtsinje popanda chowapatsa n'kungotaya malovu. Amfumu awiriwa akuti akumana mvula ikadzalekeza.

Novembala, sabata yachitatu

Sabata ya mapepala ndi maphazi. Kalata yopempha kuti damu lathu lilembedwe ndi kupatsidwa chilolezo yapita ku National Water Resources Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013. Takumananso ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yomwe imalumikizana ndi khonsolo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi.

Chachikulu n'choti tayenda khomo ndi khomo m'nyumba 23 zija. Ena mu komiti ankati tisatero, tiopseza anthu pachabe, mwinanso adzatiimba mlandu. Ine ndinakumbutsa za ku Solai m'dziko la Kenya, komwe damu la dothi la pafamu linaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018 n'kupha anthu oposa 40 a m'midzi ya kumunsi, ambiri ali m'nyumba zawo. Munthu amene akugona pansi pa damu ali ndi ufulu wodziwa zomwe ife a kumtunda tikudziwa.

Pakhoma tazika mtengo wopaka utoto mitundu itatu. Madzi akakhala pobiriwira, zili bwino. Akafika pachikasu, ndiye kuti m'ngalande akuyenda ofika m'mawondo: alonda awiri agona pakhoma, ndipo okalamba, odwala ndi ana a kumunsi apita kutchalitchi cha pamtunda kusanade. Akafika pofiira, kapena botolo lija likaonetsa matope, kapena ndowa ikayamba kudzaza pa theka la nthawi yake, belu la tchalitchi lilira mosalekeza ndipo aliyense achoka, osatenga mbuzi, osatenga thumba la chimanga. Tili ndi gulu la WhatsApp lomwe timatumizirana uthenga wa a zanyengo, koma sitikulidalira lokha. Nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022, madzi ataononga damu la magetsi la Kapichira pa Shire, tonse tinaona momwe mafoni amafera magetsi akazima masiku. Belu silifuna kutchaja.

Tinayesera Loweruka masana. Kuchokera belu loyamba mpaka munthu womaliza kufika patchalitchi panatha mphindi 26, ndipo uku kunali kowala, pansi pouma. Gogo uja anafika pa njinga ya kabaza akuseka. Njira yachidule yomwe ambiri anadzera imawoloka kamlatho ka mitengo, komwe ndi koyamba kukokoloka. Tasintha: onse azidzera kuseri kwa chigayo ngakhale kuli kotalikirapo, ndipo mabanja anayi omwe ali ndi okalamba tawapatsa mnyamata mmodzimmodzi wowayang'anira.

Disembala, sabata yachiwiri

Mvula yodzalira yagwa, anthu ali kuminda, pantchito ya damu pabwera anthu 6 okha. Sindikuwadandaula. Damu layamba kukwera. Ndowa: mphindi 3 ndi masekondi 40. Botolo loyera. Injiniya akuti kuchuluka pang'ono pomwe damu likukwera n'koyembekezeka. Chodetsa nkhawa n'kuchuluka damu lili pamodzimodzi.

Chiswe chayambanso kumanga pafupi ndi pomwe tinakumba chulu chachiwiri. Takumbanso.

Januwale, sabata yachitatu

Lachinayi usiku kunagwa mvula yoyamba yoyesa ntchito yathu. Inayamba cha m'ma 8 koloko, osalekeza mpaka tambala woyamba. Damu linali litatsala pang'ono kudzaza. Ine, a tcheya ndi anyamata awiri tinali pakhoma ndi maambulera osathandiza. Cha m'ma 11 madzi anayamba kulowa m'ngalande, ndipo pofika 1 koloko anali akukokoma m'lifupi monse, ofiira, atanyamula mapesi ndi zitsa. Pamtengo wathu anafika pachikasu n'kukwera zala zinayi, kenako anaima. Tinatuma mnyamata kukadzutsa mabanja anayi aja. Atatu anapita kutchalitchi, limodzi linakana. Belu silinalire.

M'mawa ndinayeza pomwe panalekeza zinyalala pakhoma: masentimita 85 pansi pa msonga. Bambo wa fizi uja anali pomwepo, anayang'ana chizindikirocho, anayang'ana pomwe panali matumba, n'kufunsa ngati tepi yanga ili bwino. Ndinamupatsa kuti ayeze yekha.

Zoonongeka: miyala yosamanga ya kuchigwembe yapita yonse, monga ndinkaopera. Mabasiketi 7 ali chiimire, koma lakumapeto madzi alikumba pansi ndipo lapendekeka. Chigwembe chasendera mita imodzi mbali ya kumanzere komwe kunalibe waya. Kapinga wagwira, kupatula pomwe panali mthethe, pomwe pakokoloka tingalande tiwiri tofika m'kakolo, takwirira dzulo. Ndowa Lachisanu inadzaza pa mphindi 2 ndi masekondi 50, Loweruka 3 ndendende, lero 3 ndi masekondi 10. M'botolo la Lachisanu munadikha kafumbi kochepa pansi. Mayi wa ndowa akuganiza kuti ndi matope a mvula ochokera pamwamba, chifukwa la Loweruka ndi la lero ndi oyera. Mabotolo onse atatu ndawasunga pawindo kuti injiniya adzaone Lachiwiri, ndipo mpaka adzabwere tiziyeza kawiri patsiku.

Zotsala sabata ino: kuchirikiza basiketi lopendekeka ndi miyala mvula ina isanagwe, kupeza ndalama za mabasiketi ena 11, ndi kubwereranso kwa banja lomwe linakana kusamuka. A tcheya akuti ulendo uno tipite ndi amfumu.